Ana a sekondale okhala pafupi ndi sukulu aziyenda wapansi

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo ndiyankhule ndi makolo anzanga a kuno ku Angonia, komanso ena onse a m'chigawo cha Tete amene ali ndi ana ku sekondale. Pabwera chizolowezi m'matauni mwathu choti mwana wa zaka 14 kapena 16, wamphamvu zake, sangapite kusukulu popanda ndalama ya njinga yamoto, ngakhale sukuluyo ikuonekera pakhomo. Ine ndikuti mwana amene amakhala makilomita awiri kapena atatu kuchoka kusukulu aziyenda wapansi, ndipo makolo tileke kuchita nazo manyazi.

Wina asandimve molakwa. Sindikunena za ana a kumidzi ya ku Domwe, ku Tsangano kapena ku Makanga, amene amadzuka nkhuku zisanatsike n'kuyenda maola awiri, nthawi ya dzinja n'kumavula nsapato kuti awoloke mtsinje. Iwowa safuna wowalimbikitsa kuyenda, akuyenda kale mopitirira muyeso. Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aziphunzira mpaka kalasi 9, ndipo kuyambira 2023 kalasi 7 inasanduka ya sekondale, choncho m'madera ena ulendo wautali umayamba mwana akadali wamng'ono. Amenewa akufunika sukulu zapafupi, malo ogona kusukulu ndi njinga zakapalasa. Imeneyo ndi kalata ina.

Amene ndikunena ine ndi a pano pa Ulongwe, a pa Zobwe, a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Tangoimani m'mbali mwa msewu m'mawa wa mwezi wa Juni, chifunga chisanachoke. Njinga imodzi yanyamula ana atatu. Wakutsogolo wapanikizidwa pamsana pa woyendetsa, wapakati wakumbatira chikwama, wakumbuyo wakhala pachitsulo choikapo katundu, phazi limodzi lili lende chifukwa popondera pasowa. Mtsikana wakhala chammbali kuti siketi ya yunifolomu isakwere, dzanja limodzi lagwira siketiyo, linalo lagwira foni. Chisoti chodzitetezera kumutu chilipo chimodzi, mwina chili pamutu pa woyendetsa, mwina chakolekedwa pachiwongolero. Woyendetsayo akuthamanga chifukwa akufuna abwerere akatenge ena belu lisanalire. Pano pa Ulongwe msewu umenewu ndi womwe umadutsa malole akuluakulu opita kuchipata cha Kalomwe kulowa ku Dedza, monga momwe wa N7 umadutsira opita ku Zobwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ife makolo timapereka ndalama ija tikuganiza kuti tagula chitetezo cha mwana. Taonani bwino chimene tagulacho.

Oyenda pansi nawonso amagundidwa, sindikukana, ndipo ndibwerako kumeneko. Koma mwana amene ali pamapazi ake akhoza kuima, kudumphira m'ngalande, kapena kusiya msewu waukulu n'kudzera njira yachidule ya m'makomo mwa anthu. Amene ali wachitatu pa njinga alibe chochita, moyo wake uli m'manja mwa mnyamata amene mwina wamuposa ndi zaka zitatu zokha.

Za ndalama sindichedwapo, aliyense amadziwa thumba lake. Tinene kuti ulendo umodzi ndi mametikali 25. Kupita ndi kubwera ndi 50, pamasiku 22 a sukulu pamwezi ndi 1,100. Mwana mmodzi ameneyo. Mlimi wa mbatata ya kachewere awerengere yekha kuti pofika Novembala ndalama imeneyi ikanam'gulira fetereza wochuluka bwanji.

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi tsiku limene ndalamayo yasowa. Mwana amene anazolowera kukwera, kuyenda amakuona ngati chilango, ndiye amaima pamsewu kudikira wachifundo. Kwa mnyamata zimathera pa kuchedwa kapena kujomba. Kwa mtsikana nkhani ndi ina. "Kwera, udzalipira mawa." Mawa likafika, "Usavutike, ungondipatsa nambala yako." Sabata ziwiri zikatha njinga ija yayamba kumudikira pakona, osati pakhomo, ndipo mayi ake sakufunsanso kuti ndalama ya ulendo ikuchokera kuti popeza mwana wasiya kupempha. Anyamata ambiri oyendetsa njinga ndi anthu aulemu amene akufunafuna chakudya cha ana awo, ndipo ndimakwera njinga zawo ndikakhala ndi katundu. Koma tonse tikudziwa atsikana amene sukulu yawo inathera pa ulendo waulere. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2019 loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo ndi lamulo labwino, koma limafika zinthu zitaonongeka kale. Mtsikana amene amadziwa kuti miyendo yake ikhoza kum'fikitsa kusukulu nthawi yabwino amakhala ndi mphamvu yokana. Alibe ngongole kwa munthu.

Nanga manyazi oyenda pansiwa anachokera kuti? Anachokera kwa ife. Ambiri a msinkhu wanga kuno tinakula nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992. Mabanja ochuluka a ku Angonia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu wapansi, katundu pamutu, ana kumsana. Titabwerera n'kupeza kangachepe, tinalumbira mumtima kuti ana athu asadzavutike monga tinavutikira ife. Lumbiro lake ndi lachikondi, koma ana analimva mwina. Anamva kuti kuyenda pansi ndi chizindikiro cha umphawi. Lero ukamufunsa mwana chifukwa chake sakufuna kuyenda, sanena kuti ndi kutali. Amati, "Ndikafika ndi fumbi, anzanga akandiseka." Ena amati thukuta. Fumbi la m'nsapato limachoka ndi kansanza kosunga m'chikwama. Chovuta kuchotsa ndi maganizo oti wotsika pa njinga pageti ndiye munthu, ndipo maganizo amenewa amakula mwana akamaona bambo ake akuitana njinga popita kumsika umene uli kuseri kwa nyumba. Apa sindikuloza chala munthu mmodzi, tachuluka.

Pali nkhani ya thupi imene anthu ena amaiona ngati ya azungu. WHO imalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu ndithu kwa mphindi 60 patsiku. Kafukufuku amene bungweli linatulutsa mu 2019 anapeza kuti mwa achinyamata asanu alionse a zaka 11 mpaka 17 padziko, anayi safika pamenepo, ndipo atsikana ndiwo atsalira kwambiri. Mwana wa kumudzi amene amatunga madzi, kupalira ndi kusenza nkhuni sizimukhudza kwenikweni. Koma wa m'tauni, amene madzi ali pampopi, makala amabwera pakhomo, ndipo akaweruka amagona chagada ndi foni mpaka mdima, thupi lake limagwira ntchito liti? Makilomita atatu munthu amayenda mphindi pafupifupi 40. Kupita ndi kubwera, muyeso uja wakwana popanda kulipira kanthu ndiponso popanda kufuna bwalo la mpira. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene kale tinkati ndi a mabwana a ku Maputo, tsopano ali m'mabanja mwathu, ndipo zizolowezi zimene zimawaitana zimayamba pa msinkhu umenewu. Komanso kuno kozizira, woyenda pansi amafika thupi litafunda, tulo titatha. Wapanjinga amafika zala zitauma ndi mphepo, cholembera chosagwirika.

A mumzinda wa Tete andiyankha kuti ndikuyankhula chonchi chifukwa ndimakhala kumapiri. Akunena zoona. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 40, ndipo mwana wolowa masana amanyamuka dzuwa lili paliwombo. Sindingauze kholo la ku Matundo kuti mwana wake awoloke mlatho wa Samora Machel wapansi nthawi imeneyo pamene minibasi, imene timati chapa, ilipo. Chimodzimodzi olowa usiku, makamaka atsikana. Koma chaka sichikhala Okutobala yekhayekha. Wolowa m'mawa akhoza kupita wapansi kukadali kozizirira n'kukwera pobwerera. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti akhoza kuyenda konse kuwiri, botolo la madzi m'chikwama. Ngakhale theka lokha ndi phindu.

Kuyenda kwake kukhale kwa gulu. Akulu anati kuyenda awiri si mantha. Makolo a mbali imodzi agwirizane malo okumanira, kaya ndi pachigayo kaya patchalitchi, ndi nthawi yonyamukira, ana azinyamukira limodzi. Pagulu wachipongwe amaopa, wojomba amadziwika tsiku lomwelo, ndipo amene sanamve masamu dzulo amafunsa mnzake m'njira. Tiwaphunzitsenso chinthu chimene ambiri sanauzidwepo: kuno magalimoto amayenda kumanzere, choncho pamsewu wopanda njira ya oyenda pansi munthu aziyenda kumanja, aziona galimoto ikubwera kutsogolo kwake. Aziyenda mondondozana pamene msewu wapanikiza, osati anayi mopingasa, ndipo zomvera nyimbo zichoke m'makutu. Popeza chaka cha sukulu chimayamba mvula ili mkati, ambulera ndi pepala lapulasitiki lokulunga makope zigulidwe pamodzi ndi yunifolomu.

Zina makolo sitingathe patokha. Akuluakulu a munisipiyu (khonsolo ya tauni) ndi a bungwe la ANE, amene amayang'anira misewu ikuluikulu, atiikire mahampu ndi mizere yowolokera pafupi ndi sukulu zimene zili m'mbali mwa msewu, ndipo penti ikafufutika azipakanso. Pamene ogulitsa tomato ndi kabichi ayala malonda mpaka m'mphepete mwa phula, ana amakakamizika kulowa mumsewu. Ogulitsawo asathamangitsidwe, angosunthidwa pang'ono kuti pakhale kanjira. Tchire la m'njira zachidule mafumu ndi alembi a m'madera akhoza kuitanitsa anthu kuti lilambulidwe Loweruka limodzi, monga timachitira kumanda.

Kwa akulu a sukulu ndili ndi pempho limodzi. Mwana amene wayenda wapansi mvula ikugwa n'kuchedwa mphindi zochepa, musamutsekere geti pamene mnzake wotsika pa njinga walowa. Mukatero mwamuphunzitsa kuti mawa apeze njinga mwa njira ina iliyonse. Nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa makolo wotsegulira chaka, ndipo komiti ya sukulu ilembe ana amene amachokera mbali imodzi kuti magulu oyendera limodzi apangidwe sabata yoyamba yomweyo.

Ine wanu,
Kholo la ana awiri a sekondale,
Ulongwe, Angonia