Marampu ambiri ndi otsetsereka mopyola muyeso

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za marampu, njira zotsetsereka zokwerera anthu a pa wilutcheya, amene akumangidwa m'masukulu, m'zipatala ndi m'mashopu. Ambiri ndi ongoti anthu aone kuti alipo. Munthu wa pa wilutcheya sangakwere yekha, ndipo potsika akhoza kugubuduka.

Vuto lalikulu ndi kufupika. Pa sentimita imodzi iliyonse ya msinkhu, rampu imayenera kutalika masentimita 12. Khonde la masitepe atatu, lokwera masentimita 45, limafuna rampu ya mamita 5.4. Omanga ena amangoika mita ndi theka poumira simenti.

Mulifupi musachepere mamita 1.2. Pamwamba pakhale malo afulati a mamita 1.5, kuti munthu atsegule chitseko wilutcheya isakubwerera m'mbuyo. Simenti isasalazidwe ngati ya pabalaza, chifukwa mvula ikagwa imaterera. Aikwapule ndi tsache ikadali yaiwisi. Mbali zonse ziwiri pakhale zitsulo zogwirira, komanso kakhoma kotchinga matayala m'mphepete.

Chitseko nacho chisachepere masentimita 90, makamaka cha kuchimbudzi, kumene amisiri amakonda kuiwala. Makhonsolo aziyeza zonsezi pa pulani asanadinde chidindo, osati nyumba itatha kale.

Wowerenga wanu,
Zomba