Kalata kwa a Nduna a za Ulimi: poizoni wafika mpaka kuchipinda kogona ana

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemberani ngati mayi wokhala nyumba ya lendi, zipinda ziwiri, ndipo nkhani yanga ndi ya mankhwala ophera tizilombo amene adzadza m'makomo mwathumu. Masiku ano timauzidwa kwambiri zosamala chilengedwe pakhomo, musayatsire mbaula ndi jumbo, gwiritsani chitetezo mbaula, bzalani mitengo, zonsezo nzabwino ndipo ambirife tikuyesetsa. Koma pali china chimene mayi payekha sangachithe ngakhale akhale wosamala bwanji, chifukwa chikuchokera kumsika, ndipo lamulo lake lili mmanja mwanu. Pesticides Act ya 2000 ija ndi imene inakhazikitsa Pesticides Control Board ya ku Bvumbwe, bungwe loyang'anira mankhwalawa lomwe lili pansi pa unduna wanu, nde ndaona kuti ndifike kwa eni ake.

Tsiku lina mudzatsike galimoto opanda mdipiti muyende mumsika uliwonse tsiku la msika. Mupeza mnyamata wayala chiguduli pansi, pali timapepala ta pulasitiki tomanga mfundo ngati ta mchere, mkati muli timibulu takuda, ameneyo nde tameki. Pambali pake timabotolo ta zakumwa tothiramo madzi oyererako, akuti a nsikidzi ndi mphemvu. Palibe dzina, palibe tsiku lothera mphamvu, palibe muyezo, ukafunsa amangoti "mayi awa ngamphamvu, kamodzi basi zonse zigona", ndipo mwana wa sitandade 4 atatumidwa amugulitsa osafunsa kanthu. Ine anyamatawa sindikuwada ayi, akusaka ya ndiwo ngati tonsefe, funso langa ndi lakuti katunduyu akuchokera kuti, akumuphwatula mmapaketi ake ndani?

Tameki uja dzina lake lenileni ndi Temik, mankhwala ake ndi aldicarb, anapangidwira kumunda kupha tizilombo ta munthaka, sanapangidwire makoswe a mnyumba. Koma ife timasakaniza ndi mkute kapena mutu wa usipa nkuika kuseli kwa kabati, malo omwewo amene mwana wokwawa amafikako mayi ali panja kuchapa. Mwana akadya amayamba kutuluka dovu, thukuta, kusanza, kupuma mobanika, ndipo zimathamanga kwambiri. Chimene chimandiwawa nchakuti ambirife timadziwa zommwetsa mkaka kapena kumusanzitsa ndi chala, pomwe zimenezo zimangotaya nthawi mwinanso kumutsamwitsa, chofunika nkuthamangira naye kuchipatala komwe kuli jakisoni wa atropine, mutanyamula kapaketi ka zomwe wadyazo. Nanga kapaketi kopanda dzina adokotala awerengapo chani?

Koma imene imandisowetsa tulo ndi ya mapilitsi a chimanga. Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa anthu abwinobwino, okonda mabanja awo, akuchita izi osadziwa. Mapilitsi otuwa aja ndi aluminium phosphide, akakumana ndi chinyontho cha mumpweya amatulutsa gasi wotchedwa phosphine, kafungo kake ngati adyo kapena nsomba yoola, ndipo gasiyo ndi amene amapha anankafumbwe. Anapangidwira nyumba zikuluzikulu zosungira mbewu, zokutidwa bwino ndi malona, ogwira ntchitoyo ataphunzitsidwa, anthu ena onse ali kutali. Tsono taonani mmene tikukhalira ife. Nkhokwe zapanja tinazisiya kalekale chifukwa cha akuba, chimanga timatonola nkuika mmatumba, matumbawo amagona nafe mnyumba, pena pabalaza, pena kuchipinda kwa ana penipeni chifukwa nkomwe kuli malo. Munthu amakulunga pilitsi pakansanza nkukankhira pakati pa thumba, thumba la saka lomwe mpweya umangodutsa, usiku mawindo otseka chifukwa cha udzudzu ndi kuzizira kwa June, ana agona pamphasa pafupi ndi matumbawo. Mmawa mutu, chizungulire, kusanza, timati malungo kapena adya zoipa. Ndipo poizoni ameneyu alibe mankhwala omuthetsa mphamvu, kuchipatala amangoyesetsa kuthandiza mtima ndi kupuma.

Musatiweruze kuti ndife osasamala bwana. Chiyambireni kubwera kwa kachilombo kofumbula chimanga kaja kamene kanalowa mdziko muno mzaka za m'ma 1990, thumba losathira kanthu pofika November limakhala gaga yekhayekha, ndipo munthu amene wagula feteleza pamtengo wa lerowu sangaonerere zimenezo. Chifikireni ntchemberezandonda za mtundu watsopano cha mu 2017 mabotolo a mankhwala opopera achulukanso mmakomo, otsala amasungidwa pansi pa bedi, chigubu chikatha ena amatsuka nkumasungiramo mchere kapena mafuta ophikira.

Chosangalatsa nchakuti njira ina ilipo ndipo ndaiona ikugwira ntchito ndi maso angawa. Matumba a PICS, amene anawayambitsa a Purdue University ku America, ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, umathira chimanga chouma bwino, nkufinya mpweya, kumanga lililonse palokha, anankafumbwe amafa okha posowa mpweya popanda kuthira kalikonse. Ukatsegula patapita miyezi chimanga chili mbee, ufa wake osamveka fungo la mankhwala, ndipo thumbalo ukalisamala osaboola umaligwiritsanso zaka zingapo. Vuto ndi mtengo ndi kupezeka kwake basi. Nthawi yokolola munthu ali ndi ngongole kale, akayerekeza thumba limodzi la PICS ndi pilitsi la pamsika amasankha pilitsi, ndipo kumidzi yambiri matumbawo sapezeka nkomwe mpaka ukwere minibasi kupita pa boma.

Nde pempho langa ndi ili a Nduna. Boma limathandiza kale alimi ndi feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, bwanji osaikapo matumba osalowa mpweyawa ngakhale awiri pa banja, poti kukolola kopanda posungira nkulimira anankafumbwe? Alangizi akamayenda nthawi yokolola aziyenda ndi thumba lenileni nkuonetsa kamangidwe kake pamaso pa anthu. Mapilitsi aja achoke pa chiguduli cha mumsika, azigulidwa ndi okhawo ali ndi chilolezo chofukiza, ndipo oyendera misika apatsidwe anthu okwanira ndi mafuta a galimoto kuti azifika mpaka misika ya kumidzi, atsate komwe katunduyu akulowera, osangolanda timapepala ta mnyamata wa pamsika nkusiya wamkulu amene akumupatsa.

Chinanso chaching'ono koma chofunika, malemba a pa botolo. Ambiri ali mchingerezi, timalemba ting'onoting'ono toti ngakhale amene anapita kusukulu amachita kutsinzinira. Tikufuna Chichewa ndi Chitumbuka, zilembo zazikulu, ndi zithunzi zoonetsa kuti izi sizilowa mnyumba yogona anthu, komanso zoti tichite mwana akamwa mwangozi. Uthenga womwewo uzimveka pa wailesi kuyambira April mpaka July pamene anthu akutonola.

Sindingasiye kutchula kuti mankhwala omwewa, poti ali pafupi komanso ngotchipa, ndi amene achinyamata athu ena amathamangira mtima ukawawa. Ku Sri Lanka ataletsa mankhwala oopsa kwambiri a kumunda imfa zodzipha zotere zinatsika kwambiri ndipo ulimi sunagwe. Ifenso tingathe, ndipo ndikupemphani kuti muyambe ndi tameki ndi mapilitsiwa anthu asanayambe kukolola chaka chikubwerachi.

Ine mayi wa ana,
wokhala ku Lilongwe