Njovu ili ndi lamulo loiteteza, nanga mlimi wa m'mbali mwa paki?

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya njovu za kuno ku Kasungu. Ndine mphunzitsi wopuma wa kwa T/A Chulu, ndipo kwa zaka zambiri ndinali mlangizi wa kalabu ya zachilengedwe pasukulu, makalabu aja a WESM, bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe. Ana ndawatengerapo ku damu la Lifupa kukaona mvuu ndi njovu, ena mwa iwo pano ndi makolo. Choncho wina asaganize kuti walemba kalatayi ndi mdani wa nyama zakutchire.

Ntchito yobwezeretsa nyama m'dziko muno yayenda, ndipo wotsutsa zimenezi ndiye kuti sanaone mmene zinthu zinalili. M'zaka za m'ma 1970 paki ya Kasungu inali ndi njovu zoposa 1,000. Pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50 zokha, ndipo zipembere zinali zitatheratu kalekale. Minyanga inkadutsa m'misewu yathu momwemuno. Mu 2013 ku Mzuzu anagwira minyanga yolemera matani 2.6, koma eni katunduyo anangolipira chindapusa n'kubwerera kwawo. Ndiye pamene lamulo la nyama zakutchire linakonzedwanso mu 2017, n'kuika chilango chofika zaka 30 kundende kwa wopha kapena kugulitsa nyama zotetezedwa monga njovu, chipembere ndi ngaka, ine ndinali mmodzi mwa owomba m'manja.

Taonaninso Majete ku Chikwawa. Pamene bungwe la African Parks linkayamba kuyendetsa malowo mu 2003, munali mutatsala timagwape ndi anyani. Anabweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, ndipo lero alendo amachita kulipira madola kuti akaone. Ku Liwonde, kumene bungwe lomweli linayamba kuyendetsa paki mu 2015, asilikali a m'nkhalango anachotsa makhwekhwe a waya oposa 36,000. Njovu zinaswana mpaka malo kuchepa, n'chifukwa chake mu 2016 ndi 2017 anasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Zonsezi n'zonyaditsa.

Koma pali chinthu chimodzi chimene malo atatuwa akufanana, chimene anthu a m'tauni saganizirapo: mpanda wamagetsi. Ku Majete mpanda unazungulira nkhalango yonse. Ku Liwonde ntchito yoyambirira inali yomanga mpanda, chifukwa anthu a ku Machinga ndi ku Balaka anali atatopa ndi maliro. Ku Nkhotakota njovu zinafikira m'chigawo chimene anali atachitchingira kale. Kuno kwathu, mu July 2022, boma mothandizana ndi African Parks ndi IFAW, bungwe la kunja loteteza nyama, linabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pamodzi ndi nyama zina 431 monga njati, nswala, njiri ndi mphalapala, mpanda wa mbali ya kum'mawa usanathe. Mbali ya kumadzulo, kumalire ndi Zambia, kulibe mpanda n'komwe, poti amati njovu zizitha kuyenda pakati pa Kasungu ndi paki ya Lukusuzi. Maganizo abwino papepala, koma pakati pa mapaki awiriwo pali midzi ndi minda ya abale athu a ku Zambia, olankhula chilankhulo chathu chomwechi. Pasanathe mwezi njovu zitafika tinamva za imfa, ndipo kuchokera pamenepo anthu afa mbali zonse ziwiri za malire.

Mwina owerenga a ku Blantyre ndi ku Lilongwe sadziwa kuti kulinda njovu kumatanthauza chiyani. Chimanga chikayamba kukhwima, mwamuna sagonanso m'nyumba. Amakagona m'chilindo kumunda, atanyamula tochi, chitini ndi kamtengo kokamenyera, ndipo moto uyenera kukhala ukuyaka usiku wonse. Ena amaumba ndowe zosakaniza ndi tsabola n'kumaziwotcha kuti utsi wake uzithamangitsa njovu, ena amamanga zingwe zopaka tsabola ndi oilo m'mphepete mwa munda. Zimathandizako, koma njovu ndi nyama yanzeru, imazolowera. Njovu yaikulu imadya chakudya cholemera makilogalamu pafupifupi 150 patsiku, ndiye zikalowa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zimene sizinadye zimakhala zitazipondaponda. Mukakolola musati mwapulumuka ayi, chifukwa zinaphunzira kuti chimanga chimakhala m'nkhokwe ndi m'matumba m'nyumba, ndipo khoma la zidina silizivuta kugwetsa. Ana nawo amachedwa kusukulu poopa kukumana nazo mbandakucha zikubwerera kutchire. Izi aphunzitsi anzanga amene adakali pantchito akuzidziwa bwino.

Mlamu wanga, mayi wamasiye, analima chimanga ndi mtedza ndi feteleza wa ngongole ya banki m'khonde. Usiku umodzi wokha munda wonse unasanduka bwalo. Tinakanena koyenera. Anabwera anthu aulemu ndithu, anazungulira munda, analemba m'kabuku, anati pepani mayi. Titafunsa za chipukuta misozi anatiuza zoona zake, kuti malamulo a dziko lino sapereka chipepeso kwa munthu amene nyama zakutchire zamuwonongera mbewu, zamuvulaza kapena zamuphera m'bale. Anthuwo sindikuwaimba mlandu, sangapereke chimene lamulo silinaike. Koma ngongole ija anzake a m'gulu anaifuna ndithu, mpaka mbuzi zinapita.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, akonzi. Lamulo likunena kuti njovu ndi chuma cha boma, n'chifukwa chake woipha amakaseweza zaka zambirimbiri. Chabwino. Koma ng'ombe zanga zikalowa m'munda mwa mnzanga, amfumu amandilipiritsa ine mwini ng'ombe, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Nanga bwanji mwini njovu amaoneka pokhapokha njovu yafa, koma ikapha munthu mwini wake amasowa? Mlimi amene wakhala akulinda munda miyezi itatu osagona, kenako n'kuuzidwa kuti palibe chake, mawa akaona mlendo wa mfuti akulowera kutchire sakanenanso kwa asilikali. Adzangoyang'ana kumbali. Zikafika potero ndiye kuti ntchito yonse ija yosamutsa njovu ndi ndege ndi malole yalowa m'madzi, chifukwa asilikali a m'nkhalango ndi ochepa, maso enieni a paki ndi anthu a m'midzi.

Ndikudziwa yankho limene akuluakulu amapereka: midzi yozungulira imalandirako gawo la ndalama zimene paki imatolera kwa alendo. N'zoona, ndipo mijigo ndi midadada ya sukulu taiona. Koma Kasungu salandira alendo ochuluka ngati Liwonde, kotero gawolo ndi lochepa, komanso mjigo ndi wa mudzi wonse pomwe munda wawonongeka ndi wa munthu mmodzi. Yankho lina amati anthu azinama, aliyense amene sanalime bwino azinamizira njovu. Bodza la mtundu umenewu n'losavuta kuligwira. Mapazi a njovu ndi ndowe zake sizibisika. Mlangizi wa zaulimi, mfumu ndi msilikali wa paki akafika atatu m'mawa mwake, angathe kuyeza munda n'kusainira limodzi. Ku Kenya lamulo lawo la 2013 linaika kuti banja la munthu wophedwa ndi nyama zakutchire lilandire mashilingi 5 miliyoni. Ndalamazo zimachedwa kutuluka, anthu kumeneko amadandaula, koma amadandaula pa ngongole imene boma linavomera. Ife tilibe ndi poyambira pomwe. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya njovu za Kasungu yafika m'manja mwa maloya a ku London, amene akuimira anthu ena a kuno ndi a ku Zambia, pomwe bungwe la IFAW likukana kuti si mlandu wake. Amene akulondola ndani, adziwa ndi oweruza. Changa n'chakuti mlimi wa kwa Chulu samayenera kudikira loya wa ku Britain kuti amveke.

Nafenso a m'mbali mwa paki tili ndi zathu zoti tikonze, ndipo ndizinena ngakhale ena andida nazo. Mpanda wa pakiwu alipo amene amaudula usiku kuti waya wake akapangire makhwekhwe. Alipo amene amaba mabatire ndi masola oyendetsera magetsi a mpanda, n'kumatchajira mafoni pamsika. Mwana wotere tonse timamudziwa dzina, koma timamubisa poti ndi mphwathu, ndiye njovu zikatulukira pamene wadulapo timalira tonse. Ena amalima ndi kuwotcha makala m'kati mwa malire a paki. Mafumu alimbe mtima pa zimenezi.

Komabe anthu akuno si osamva. Makolo athu anachotsedwa m'dera limeneli mu 1922 chifukwa cha matenda a kaodzera, malowo n'kusanduka nkhalango yotetezedwa, kenako paki mu 1970. Manda a azigogo athu anatsalira momwemo. Ngakhale zinali choncho, pamene boma linaloleza anthu kumalowa ndi chilolezo kukapachika ming'oma ya njuchi ndi kukatola matondo, anthu omwewo ndi amene anayamba kuletsana kutentha tchire mwachisawawa, poti moto ukafika nthawi yolakwika uchi ndi matondo zimasowa. Sipanafunike mfuti pamenepo.

Ndikupempha komiti ya aphungu yoona zachilengedwe kuti ibweretse m'Nyumba ya Malamulo ndime yokhazikitsa thumba la chipepeso. Ngati ndalama n'zochepa, ayambe ndi imfa ndi kuvulala, mbewu zidzatsatire. Mabungwe amene amatha kulipira helikopita ndi makina onyamulira njovu aziikamo ndalama m'thumbamo lole yoyamba isananyamuke, ndipo lamulo linene mosabisa kuti nyama zoopsa sizidzasamutsidwanso kupita kumalo kumene mpanda sunathe. Mpanda wa kuno ukhale ndi anthu olipidwa oulondera ndi kulambula udzu pansi pake, chifukwa udzu ukakhudza waya magetsi amafooka.

Inunso akonzi, mtolankhani wanu musamangomutumiza nthawi ya mwambo pamene kwabwera nduna. Mutumizeni mu March kapena April, chimanga chili m'munda, adzagone m'chilindo ndi alimi usiku umodzi, ndipo akachoka kuno awolokerenso ku Lumezi ndi ku Chipangali, ku Zambia, akamve za kumeneko.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
T/A Chulu, Kasungu