Ufa wa pre-workout usamwedwe pa tsiku la mayeso a usilikali

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi achinyamata amene akukonzekera kukayesedwa mphamvu kuti alowe usilikali, kaya kuno ku Zimbabwe, kaya kumudzi ku Malawi. Ndine namwino wopuma pantchito, ndinabadwira kuno ku Harare, makolo anga anali a ku Dedza. Chandidetsa nkhawa ndi ufa wotchedwa pre-workout, umene wadzaza m'majimu, m'mashopu a m'tauni ndi pa WhatsApp. Anyamata a ku Mabvuku ndi Tafara akunong'onezana kuti ukamwa kasupuni kamodzi m'mawa wa mayeso, uthamanga osamva kutopa.

Mwana wa mng'ono wanga anabwera ndi chigubu cha mnzake, nati, "Amayi aakulu, inu mumadziwa za mankhwala, tandiwerengereni." Ndinavala magalasi. Mayina analembedwapo ambiri, koma chogwira ntchito tsiku lomwelo chinali chimodzi, caffeine, 300 mg pa kasupuni. Ena olembedwapo, monga creatine ndi beta-alanine, amafuna kumwedwa tsiku ndi tsiku kwa masabata kuti achuluke m'minofu. Kuwamwa kamodzi n'kungotaya ndalama. Chimene beta-alanine amachita nthawi yomweyo n'kuyabwitsa nkhope ndi manja ngati wadutsa m'tchire la chitedze, ndiye mwana akamva kuyabwako amati mankhwala ayamba kugwira. Kumeneko ndi kunyerenyesa kwa mitsempha ya pakhungu, miyendo sinawonjezere kalikonse.

Sindikukana kuti caffeine amathandiza wothamanga. Amathandiza ndithu, ndipo bungwe la WADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewera padziko lonse, linamuchotsa pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa m'masewera mu 2004. Vuto ndi muyeso. Munthu wamkulu wathanzi sayenera kupitirira 400 mg pa tsiku lonse, ndipo a European Food Safety Authority, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, amati pa nthawi imodzi 200 mg ndi yomwe ilibe chiopsezo. Kapu ya khofi imakhala ndi pafupifupi 100 mg, ya tiyi pafupifupi theka lake. Tsono taganizani mnyamata wokulira tiyi wa m'mawa, amwe 300 mg m'mimba mulibe kanthu, mukombi awonjezere chitini cha chakumwa chopatsa mphamvu chifukwa cha mantha. Mtima uyamba kugunda mothamanga, manja anjenjemera, ena amasanza, ena m'mimba mumatseguka. Chimbudzi uchipeza kuti uli pakati pa msewu, asilikali akuwerenga nthawi?

Komanso aliyense amene anaperekezapo mwana kolembera usilikali akudziwa kuti kumeneko n'kodikira. Ufika kusanache, uima pamzere, ayang'ane ziphaso za gulu lonse, dzuwa likukwera. Caffeine amafika pachimake pasanathe ola, ndiye nthawi yothamanga ikamakwana mphamvu munkaifunayo yayamba kutsika. Koma m'magazi sachoka msanga, pakatha maola asanu theka limakhala lilipobe. Ngati tsiku lomwelo akuyezani BP, makina sadziwa kuti munamwa ufa. Angoonetsa nambala yokwera, ndipo pamene pali anthu ambiri ofuna malo ochepa, musayembekezere kuti wina akuuzani kuti mubwerenso mawa.

Zimenezi ndi za ufa umene zolembedwa pachigubu n'zoona. Pali ufa wina woopsa kuposa apa. Mu 2011 asilikali awiri a ku America anamwalira atagwa pochita masewera olimbitsa thupi, ndipo m'magazi mwawo munapezeka mankhwala otchedwa DMAA. Chaka chomwecho mu December, akuluakulu a asilikali anachotsa zonse zokhala ndi DMAA m'mashopu a m'makampu awo. Mu 2012 mayi wa zaka 30 anagwa n'kumwalira atatsala pang'ono kumaliza London Marathon, ndipo pofufuza imfayo zinadziwika kuti anamwa Jack3d, ufa umene panthawiyo unali ndi DMAA. DMAA amafinya mitsempha ya magazi pa nthawi imene mtima ukufuna njira yotakasuka. Umenewu unali ufa wa dzina, wogulitsidwa poyera m'mayiko okhala ndi malamulo okhwima. Nanga kaufa kamene ena kuno akukagawa m'timapepala ta pulasitiki, kopanda dzina, kopanda tsiku lothera ntchito? Wogulitsayo akuuzani kuti ndi kochokera ku Joni, basi.

Chimene chimandiopsa kwambiri ine ngati namwino n'chakuti mankhwalawa amabisa kutopa. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kutentha kwa mu October tonse timakudziwa. Thupi likamati ima, mutu uli chizwezwe ndi caffeine umati pitiriza. Minofu ikaphwanyika mopitirira muyeso, zotuluka mmenemo zimakatseka impso. Mwana akabwera kuchokera ku mayeso miyendo ikupweteka modabwitsa, mkodzo uli wakuda mofiirira, musamupatse panado n'kumugoneka. Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati kubanja kwanu kuli matenda a sickle cell, mwana akayezetse magazi asanayambe n'komwe kukonzekera, chifukwa ngakhale amene anangotengera mbali imodzi osadwala amatha kugwa pothamanga mwamphamvu padzuwa.

Wanga uja ndinamuuza abweze chigubu kwa mwini wake. Pano amadzuka m'bandakucha n'kuthamanga m'mbali mwa Mutare Road kulowera ku Ruwa, masiku ena masana kuti azolowere kutentha, madzulo mapushapu pakhonde. Usiku woti mawa ndi mayeso adzadya nsima yake ya masiku onse n'kugona msanga, m'mawa phala ndi nthochi kudakali maola awiri kapena atatu, madzi pang'onopang'ono. Akafuna khofi ndamulola kapu imodzi, bola ayambe waiyesa pa masiku okonzekera aone mmene m'mimba mukuilandirira.

Pempho langa lipite kwa mabungwe oyang'anira mankhwala, a Medicines Control Authority of Zimbabwe ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ku Malawi, kuti ayendere majimu, atenge ufawu akauyeze ndi kulengeza zimene apezamo. Akuluakulu a asilikali nawonso, polengeza masiku olembera, awonjezere mzere umodzi pansi pa zaka ndi ziphaso zofunika, wochenjeza ana athu kuti asabwere atamwa ufa umenewu.

Namwino wopuma pantchito,
Mabvuku, Harare