Mawu aja akuti "ngwa ku Zomba" ndawasiya

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town kumeneko. Kuno chiperoni chatigwira sabata yonse, phiri la Soche silikuoneka n'komwe, ndiye ndati lero ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino, osati timawu ta pa WhatsApp tija. Amayi ako ndinakumana nawo kutchalitchi, ali bwino, koma akudandaula kuti suimba foni.

Ukuwakumbukira bambo aja ankagona kumsika wa Ndirande tili ana? Tinkawalondola uku tikukuwa kuti "wamisala, wamisala", ena n'kumawagenda. Masiku ano sakundichoka m'mutu, chifukwa tangomaliza gawo la maphunziro a matenda a maganizo. Gawo limeneli ndinalilowa monyinyirika, ndipo sindinali ndekha. Ife ophunzira udokotala timadziona ngati otsogola, koma zimene tinakula nazo kwathu timalowa nazo m'kalasi momwemo. Akuti wasuta chamba, akuti anamulodza, akuti anaphonya zizimba, akuti sukulu inamuchulukira. Mnzako akalankhula zosamveka umangoti "uyu ngwa ku Zomba", ngati kuti Zomba Mental Hospital ndi ndende, pomwe ndi chipatala kumene anthu amagonekedwa, kuchira n'kubwerera kwawo.

Ndikuuze chimene sindinauzepo munthu. Chaka chatha, pachipatala china pamene ndinkaphunzirira ntchito, anabwera ndi mnyamata atamumanga manja ndi chitenje, akubwebweta. Ndinamuyang'anira patali n'kuuza mnzanga kuti "wamisala uyu, adikire kaye". Ngakhale pachipumi sindinamugwire. Amene anamuyeza ndi namwino wina wachikulire, n'kupeza thupi lili moto, khosi lili gwa. Anali matenda oumitsa khosi. Anachira, koma osati chifukwa cha ine. Chikundipweteka n'chakuti anali atatiphunzitsa kale kuti munthu akasokonezeka mwadzidzidzi uyambe waganiza za malungo okwera m'mutu, shuga wotsika, matenda oumitsa khosi kapena kusiya mowa mwadzidzidzi. Zonsezi ndinakhoza nazo mayeso. Chinanditseka m'maso ndi dzina limene ndinamupatsa asanakhale n'komwe pansi.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti kuloweza mabuku kokha kungachotse tsankho. Ine chinandisintha ndi mayi wina amene anabwera kudzatiyankhula, mphunzitsi wa kupulayimale, wovala bwino, nkhani zake zolongosoka. Atatha kulonjerana nafe anati wakhala akumwa mankhwala a matenda a maganizo kwa zaka zambiri, ndipo kawiri konse anagonekedwapo. M'kalasi munangoti zii. Anatiuza kuti tsiku lina anapita kuchipatala m'mimba mukumupweteka, koma dokotala atangotsegula buku lake la kuchipatala n'kuona mankhwala aja, anasiya kuyankhula naye n'kuyamba kufunsa mwamuna wake. Ndinaweramitsa mutu, poti dokotala ameneyo ndinamuzindikira mwa ine ndemwe.

Kenako aphunzitsi athu anatiika awiriawiri, wina akhale wodwala wina dokotala, kuti tiphunzire kufunsa funso limene tonse timalithawa, loti "kodi munaganizapo zodzipha?" Ndinkaopa kuti kufunsa n'kumupatsa munthu maganizowo, koma sizili choncho, ambiri amapepukidwa kuti wina wawafunsa. Ndinaphunziranso kuti kuuma thupi, kunjenjemera ndi kutuluka dovu, zimene tinkaseka tili ana, nthawi zambiri si matenda ayi, ndi zotsatira za mankhwala monga haloperidol ndi chlorpromazine, ndipo dokotala watcheru atha kuzichepetsa. Mwinatu bambo a kumsika aja ankangofunika wina wowaonera mlingo wa mankhwala.

Uganize bwino, mnzanga. Madokotala a matendawa kuno ngowerengeka. Kupatula Zomba, anthu amadalira St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi kiliniki ngati ya ku Queens. Wodwala wa ku Nsanje kapena ku Chitipa woyamba kumuona ndi ife amene tikatumizidwe m'maboma. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayambitsa ndondomeko ya mhGAP mu 2008 pa chifukwa chomwechi, kuti thandizo lizipezeka m'zipatala wamba. Nanga likapezeka bwanji ngati wokhala pampando wa dokotala akuopa kapena kunyansidwa ndi wodwalayo? Ndipo kuchokera pamene namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe mu 2023, alipo anthu amene mvula ikangoyamba kugunda pamalata tulo timawathera. Amenewa samangidwa manja, amabwera akudandaula mutu ndi mtima kuthamanga, ife n'kuwapatsa panado.

Ngakhale pakati pathu ophunzira alipo amene akuvutika mwakachetechete, kuopa kuti anzawo adzati sangakwanitse udokotala. Titamaliza gawo lija mnzathu wina anandiululira kuti wakhala akubisa mankhwala ake m'botolo la mavitamini.

Tsono pali chimene ndalembera kalatayi. Mwezi watha unandiuza kuti tulo sukupeza, chakudya sichikukoma, ndipo ukaweruka umangodzitsekera m'nyumba. Ine ndinakuyankha kuti "limba mtima, ndiwe mwamuna". Mawu amenewo ndikuwabweza, undikhululukire. Lamulungu likubwerali ndikuimbira tikatuluka m'tchalitchi, ndipo ndikufuna undiuze zonse kuyambira pamene zinayambira. Ukayankhe foniyo.

Ndine mnzako wa ku Ndirande.