Lipoti la msonkhano wa aluso: zithunzi zopanga ndi kaunjika wakutha

A wapampando ndi mamembala nonse,

Ife awiri amene munatituma ku msonkhano wa aluso kuno ku Zomba tabwerako. Nkhani inali ya zovala zotsalira pansi pa belo, zong'ambika zija ogulitsa kaunjika amasowa nazo kolowera, ndi momwe tingaziphatikizire ndi penti, ulusi ndi mabatani n'kukhala chithunzi chokoleka pakhoma.

Chimene chinatigwira mtima n'chakuti chithunzi chimawonongeka munthu asanagwire n'komwe burashi. Chovala chichapidwe kaye ndi sopo wamba, chiume, chisitidwe. Chosachapa chimadzafupika chikanyowa ndi guluu, ndipo chofiira kapena jinzi imathimbiritsa zinzake.

Kenaka yesani nsaluyo. Dulani kachidutswa, yatsani ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa. Poliyesitala imasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Musadumphe zimenezi, chifukwa guluu wa matabwa amagwira bwino thonje koma pa poliyesitala amamatuka. Yoteroyo isokereni kaye pa nsalu yokhuthala ya thonje, yomata ikhale ya pansiyo.

Thabwa likhale pulayiwudi wa mamilimita 6, wopakidwa penti mbali zonse ziwiri. Mukapaka kumodzi kokha limapindika. Guluu musakanize makapu 2 ndi kapu 1 ya madzi, mupake pathabwa mopyapyala, n'kuyalapo nsaluzo. Akachuluka amabowoleza nsalu n'kusiya mawanga onyezimira omwe sachoka. Tsindirani ndi njerwa zokulunga mu pulasitiki kwa maola 24, penti wojambulira chithunzi adze pambuyo. Mazipi ndi mabatani achitsulo apakidwe vanishi, apo ayi dzimbiri lidzadontha.

Pa zomatira ndi phala la chinangwa m'malo mwa guluu panali mtsutso. Ena amalikonda poti silidula. Ife tikuti tilisiye. Chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri mukuchidziwa, mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenaka chiperoni. Phala limachita nkhungu, mphemvu n'kumadya. Pa chifukwa chomwecho, kumbuyo kwa chithunzi kukhomedwe timitengo tiwiri kuti mpweya uzidutsa pakati pa thabwa ndi khoma.

Za mitengo yogulitsira zinakambidwa pang'ono chabe.

Tikupempha komiti ivomere kugula guluu malita 5 ndi pulayiwudi mmodzi, woti adulidwe zidutswa 8. Pokumana Loweruka aliyense abwere ndi zovala zitatu zochapa kale, sizasi ndi singano yaikulu.