Tiuzeni mtengo wa utsi umene tikusungawu

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo ndinenepo za malonda a kaboni amene atsogoleri akhala akukangana kumisonkhano ya maiko ya za kusintha kwa nyengo yotchedwa COP kuja. Pa msonkhano wa ku Baku, m'dziko la Azerbaijan, mu 2024 anamalizitsa malamulo a Article 6 ya pangano la ku Paris la 2015, ndiye kuti dziko kapena kampani yotulutsa utsi wambiri itha kulipira anthu ngati ife kuti tisunge nkhalango kapena tichepetse nkhuni, iwo nkumawerengera ngati achepetsa utsi wawo. Chimene amagulacho amachitcha credit, ndipo credit imodzi imaimira tani imodzi ya mpweya wa kaboni.

Ineyo nkhaniyi ndinaidziwira pakhomo pa mayi anga ku Rumphi. Kunabwera anthu a bungwe lina kudzawapatsa mbaula yosatha nkhuni, anaijambula pa foni, nkuwauza kuti asaine pepala la Chingerezi, mayi anangodinda chala basi. Mbaulayo ndiyabwino zedi sindinganame, mtolo umodzi ukukhalitsa ndipo maso awo anasiya kulira ndi utsi wa m'khitchini. Koma nditapita pa Khrisimasi nkuwerenga kope la pepala lija ndinapeza kuti anavomera kupereka ma credit onse a mbaulayo kwa bungwelo. Palibe anawafotokozera m'Chitumbuka kuti nkhuni zimene sakuwotchazo zikusanduka madola kunja. Mtima unandiwawa kwambiri, osati poti ndimafuna mayi alemere ayi, koma munthu wamkulu ngati uja kugulitsa chinthu osadziwa kuti wagulitsa.

Taonani mitengo yake. Ku Ulaya msika wawo wa kaboni unayamba mu 2005 ndipo mu February 2023 tani imodzi inadutsa ma euro 100, pomwe ma credit ambiri a nkhalango ndi mbaula ochokera kuno kwathu amapita pa madola ochepa, nthawi zambiri osafika ndi 10 omwe, kenako apo adyepo opima, adyepo a pakati, chofika kumudzi ndi nyenyeswa. Chonsecho utsi ndi womwewo, mlengalenga ndi umodzi. Africa yonse utsi wake sufika pa 4 peresenti ya dziko lonse koma Freddy anatipha ife mu March 2023, ndipo ife a ku Mzuzu sitinaiwale mvula ya April 2016 nyumba zikugwa ku Masasa.

Ine malondawa sindikuwakana. Tsiku lililonse m'mawa ndimakumana ndi njinga za makala zikutsetsereka kulowa m'tauni, Kaning'ina akutha tikuona, ku Chikangawa mapiri ena angoti mbee. Bambo wa njingayo sudzamuletsa ndi apolisi kapena ndi mfundo za ku Baku, ali ndi ana ofuna fizi komanso ufa. Adzasiya tsiku limene mtengo woimirira udzamubweretsere ndalama yoposa thumba la makala, ndipo ndalamayo ikuyenera kumufika m'manja mwake osati kuthera m'mawekishopu a m'mahotela.

Anzathu a ku Kenya mu 2024 anaika lamulo loti pa mapulojekiti a pa nthaka 40 peresenti ya phindu izipita kwa anthu a m'deralo. Ife boma linakhazikitsa Malawi Carbon Markets Initiative mu 2023, chabwino, ndiye aphungu athu atithandize gawo la anthu akumudzi lilembedwe m'malamulo momveka bwino. Pulojekiti iliyonse izinena poyera kuti yagulitsa matani angati, kwa ndani, pa mtengo wanji, ziwerengerozo zizimatidwa kwa mfumu ndi ku ofesi ya khonsolo. Ndipo pepala lililonse lodinditsa chala likhale m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, liwerengedwe mokweza pabwalo anthu asanavomere.

Nthumwi zathu zikamabwera ku COP zizifikakonso kuno kumpoto, ziyankhule pa wayilesi za m'madera kuti zakasaina chiyani m'dzina lathu. Mayi anga akufunsabe kuti pepala lija angalibweze bwanji.

Wowerenga wanu,
ku Chibavi, Mzuzu